Apu, WhatsApp, fayilo ya loya kapena buku la SACCO: kampani ya tekinoloje ya zamalamulo ilowere khomo liti kuno ku Salima?

Mwana wa achemwali anga anabwera mwezi watha ndi mnzake, laputopu ili m'chikwama, akuti amalume ife tikuyambitsa kampani ya tekinoloje ya zamalamulo ndipo apu tapanga kale, taonani. Ndinaiona ndithu, yooneka bwino, ili ndi polembera dandaulo, posankhira loya, polipirira. Nde ndinawafunsa kuti munthu amene wagula malo ku Senga Bay dzulo, kuyambira pomwe agwirizana mtengo mpakana pepala lifike m'manja mwake, amadutsa pati ndi pati? Anangoyang'anizana.

Ine ndinagwirako ukalaliki mu ofesi ya maloya ku Lilongwe zaka zingapo, pano ndili ndi kashopu kotayipa ndi fotokope pa boma pano, ndiye mapepala a anthu ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Wogula malo uja amayenda chonchi: agwirizana pakamwa, atumiza ka dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, ajambula meseji ija n'kuitumiza pa WhatsApp kuti mnzake aone, kenako onse awiri ulendo kwa amfumu ndi mboni zawo, amfumu adinda, nde amabwera kwa ife kuti titayipe zomwe alemba pa pepala lothothola m'kope komanso tipange fotokope ziphaso zawo. Loya amamukumbukira zinthu zikavuta, mwina patatha zaka ziwiri pomwe wachibale wa wogulitsa uja watulukira kuchokera ku Joni n'kunena kuti malowa ndi a banja lonse. Chomwe mukugulitsa chiyenera kupeza pokhala penapake pa ulendo umenewu, ndipo makomo olowera alipo angapo koma safanana olo pang'ono.

Khomo loyamba ndi lomwe anyamatawa anathamangira, apu yanuyanu yoti munthu atsitse, atsegule akaunti, aike pasiwedi. Ubwino wake ulipo, sindikana. Zonse zili m'manja mwanu, mumasunga zinthu mwadongosolo, palibe kampani ina yomwe ingadzuke mawa n'kukusinthirani malamulo. Koma taganizani munthu wamba amafuna thandizo la zamalamulo kangati pa moyo wake. Pogula malo, maliro akachitika ndipo abale akukanganirana katundu, ukwati ukatha, akamuchotsa ntchito, mwana akamangidwa. Mwina kasanu basi. Apu yogwiritsa ntchito kasanu pa moyo singapikisane ndi zithunzi za ana pa foni yomwe ikudandaula kuti malo adzaza, imafufutidwa sabata yomweyo, ndipo tsiku la vuto likadzafika munthu sakumbukiranso olo dzina lake. Onjezani bandulo, ambiri kuno amagula ya WhatsApp ndi Facebook yokha, apu yanu siyitseguka pa bandulo imeneyo. Apu ndi yabwino kwa ogwira ntchito anu omwe akuitsegula m'mawa uliwonse, kwa kasitomala wa kwa Khombedza kapena Ndindi iwalani kaye.

Khomo lachiwiri ndi WhatsApp, pamodzi ndi ma SMS ndi USSD ija ya nyenyezi ndi hashi. Apa ndiye pali anthu kale, simukuwaitana kuti abwere kwanu. Mayi walandira chisamani cha ku khoti cholembedwa m'Chingerezi, sakudziwa ngati akumuitana ngati mboni kapena ngati wozengedwa, chomwe amachita n'kuchijambula ndi kutumiza kwa mwana wake ku tauni. Mukangokhala nambala yomwe amatumizako chithunzi chimenecho, mwalowa kale mu ntchito yake popanda kumuphunzitsa chilichonse. Ndipo mawu ojambula aja ndi chuma, chifukwa anthu ambiri nkhani yawo amaifotokoza bwino pakamwa, ukawapatsa fomu amalemba mizere iwiri pomwe pa voisi noti akuuza zonse, kuti ankhoswe anati chiyani, a nyakwawa anagamula bwanji, ndalama inaperekedwa pamaso pa ndani. Ku Uganda BarefootLaw ya Gerald Abila inayamba chonchi, kuyankha mafunso a anthu pa Facebook ndi pa foni, inapita komwe anthu ankacheza kale.

Kanthu kamodzi kakang'ono komwe ndimakaona kofunika kwambiri pa khomo limeneli ndi kukumbutsa masiku a ku khoti. Munthu achoka ku Dwangwa kapena ku Benga m'bandakucha, walipira kabaza, walipira minibasi, walipiriranso mboni yake, afika n'kumva kuti mlandu auimitsa mpaka mwezi wamawa, kapena iyeyo ndi amene wasokoneza tsiku nde mlandu wapitirira iye kulibe. SMS imodzi yokha ikanamupulumutsira ndalama ya chakudya cha sabata. Ndipo SMS imafika olo pa kafoni ka mabatani. USSD nayo ndi yabwino pa zinthu zazifupi ngati zimenezi, koma musayese kuti munthu afotokozerepo mlandu, imaduka asanamalize.

Koma WhatsApp ili ndi minga yake, ndipo ndikufuna ndiikhalirepo pang'ono chifukwa ndaziona ndi maso. Choyamba nyumbayo si yanu, ndi ya Meta, kampani yomwe ndi eni ake a WhatsApp, mukafuna kuilumikiza ndi sisitimu yanu mwadongosolo pali zolipira ndipo amawerengera m'madola. Chachiwiri, chomwe chimandiwawa, foni m'mabanja ambiri ndi ya onse. Mayi afunse za kuthetsa banja kapena za nkhanza zomwe akukumana nazo, yankho lanu lifike madzulo foni ili m'manja mwa bambo yemweyo, mwamuika pa moto ndinu. Kampani yoganiza bwino imafunsa kaye kuti foniyi mumagwiritsa ntchito nokha, tikuyankheni nthawi yanji, tikuimbireni kapena tilembe. Chachitatu ndi kusunga. Mu ofesi ina yomwe ndinagwirako, mnzathu wina anasiya ntchito mwadzidzidzi ndipo zithunzi za mapepala a makasitomala ambirimbiri zinapita ndi foni yake, tinayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuti atumizenso, manyazi ake osaneneka. Pano tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndiye zithunzi za ziphaso za anthu, nkhani za matenda awo ndi za m'banja simungamazisiye pa foni ya wantchito aliyense. WhatsApp ikhale chitseko, koma kuseri kwake kukhale fayilo yeniyeni yomwe chilichonse chobwera chikulowa pa nambala ya kasitomala. Vuto lomaliza ndi loti ndani alipira. Anthu amafunsa kwambiri zikakhala zaulere, mukangoti tumizani kangachepe ambiri amangoti zii.

Khomo lachitatu, kusiya munthu wamba n'kugulitsa kwa maloya eniake. Kunjaku ndalama zikuluzikulu zili kumeneku. Clio ya ku Canada inayamba mu 2008 ndi ntchito yosaoneka yapamwamba, kusunga mafayilo, kuwerengera maola, kulemba mabilu, koma maloya amaitsegula tsiku lililonse nde kuisiya n'kovuta. Mu 2023 kampani ya Thomson Reuters inagula kampani ya Casetext pa madola 650 miliyoni, ndipo chida chake cha AI (nzeru zopangidwa za kompyuta) chotchedwa CoCounsel anachilumikiza ndi Westlaw, momwe maloya amafufuziramo kale milandu. Spellbook nayo inasankha kukhala m'kati mwa Microsoft Word, loya akulemba kontirakiti yake m'mene amalembera nthawi zonse, chidacho chili pambali pomwepo. Onsewa anaona kuti loya sangasamuke pomwe amalembera, nde anamutsata.

Kwathu kuno loya amakhala mu Word, mu imelo, mu dayale ya pepala ndi pa WhatsApp. Zomwe zimamusowetsa tulo ndi zodziwika: tsiku loperekera mapepala ku khoti lisadutse, fayilo isasowe, ndalama za kasitomala zisasakanikirane ndi za ofesi chifukwa zimenezo a Malawi Law Society sasekerera, komanso kasitomala asamaimbe kasanu pa tsiku kufunsa kuti mlandu wanga uli pati. Mukapanga chinthu chothetsa ziwiri zokha mwa zimenezi, chomwe kalaliki angachiphunzire tsiku limodzi, mwapeza malonda. Ndipo muli ndi mwayi umene akunja alibe, mtengo wa m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene amalipira pulogalamu ya mwezi ndi mwezi m'madola anaona bilu ikulumpha usiku umodzi, osanenanso za kuvuta kwa kupeza madolawo ku banki.

Koma msika wake ndi wochepa, tisanamizane. Maofesi a maloya adzadza ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kuno ku nyanja ambiri amabwera tsiku la mlandu kudzera pa M14 n'kubwerera madzulo omwewo, milandu ikuluikulu ya kuno imakathera ku High Court ku Lilongwe. Ndiye mukasankha khomo limeneli dziwani kuti makasitomala anu sali pa Kamuzu Road, ndipo maloya amagula mochedwa, amafuna aone kaye mnzawo akugwiritsa ntchito chaka chathunthu. Za AI samalani nazo kwambiri. Mu 2023 ku New York, pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya anapereka ku khoti zigamulo zomwe ChatGPT inangopeka, woweruza anawalipitsa madola 5,000 ndipo mbiri yawo inamveka dziko lonse lapansi. Ngati chida chanu chikutchula lamulo kapena chigamulo, chizipereka ulalo wa pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga malamulo ndi zigamulo za ku Malawi, pomwe loya angatsegule n'kudziwerengera yekha, ngati palibe ulalo chisatchule.

Khomo lachinayi ndi lomwe ine ndimalikonda, ndipo ndi lomwe anthu saliganizira chifukwa mawu oti zamalamulo akamveka aliyense amaona khoti ndi mkanjo wakuda. Pali mabungwe omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi mapepala a malamulo koma alibe loya mu ofesi. Ma SACCO, mabungwe obwereketsa ndalama, makopaletivi a alimi a mpunga ngati a ku Lifuwu, magulu a alimi a mzimbe ku Dwangwa, malo ogona alendo a ku Senga Bay omwe amalemba ndi kuchotsa antchito nyengo ndi nyengo, eni maboti ndi alovi awo. Awa sakufuna thandizo kasanu pa moyo, akulifuna kasanu pa tsiku, ndipo pepala lake ndi lomwelomwelo, kumangosintha dzina ndi ndalama.

Tengani ofisala wa ngongole amene akuyenda pa njinga yamoto m'midzi. Ntchito yake ndi yoti alembe munthu, aone chikole, asainitse mgwirizano, atolere ndalama mwezi ndi mwezi, munthu akalephera alembe kalata yokumbutsa, zikakanika nkhani ipite ku khoti la majisitireti. Pa sitepe iliyonse pamatayika kanthu. Chikole chalembedwa kuti njinga yamoto basi, popanda nambala ya injini. Mboni yasaina koma nambala ya chiphaso palibe. Kalata yokumbutsa inaperekedwa koma palibe umboni woti inafika. Tsiku lopita ku khoti ndi pomwe bungwe limazindikira kuti fayilo ili ndi mabowo, ndipo loya amene amulemba ntchito amatha sabata akungosonkhanitsa mapepala. Tsopano ganizani chida chomwe chikukhala mu fomu yomweyo yomwe ofisala amadzaza kale, chikukana kupitirira ngati nambala ya injini palibe, chikutulutsa mgwirizano womwe loya wovomerezeka anauunika kale, chikumukumbutsa kuti chikolechi akachilembetse mu kaundula wa pa intaneti wa lamulo la Personal Property Security Act la 2013 kuti munthu yemweyo asakachikolekenso kwina, ndipo zikavuta chikutulutsa fayilo yonse yosanjidwa bwino kuti loya angoyamba ntchito. Ofisala sakuphunzira ntchito yatsopano, akungogwira yomweyo mosaphonya. Wolipira ndi bungwe, lomwe lili ndi bajeti ndipo lingathe kuwerengera lokha kuti lapulumutsa zingati.

Apa ndi pomwenso nkhani ya siginecha imalowa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kusaina kwa pa makina, nde achinyamata amaganiza kuti pepala latha. Silinathe. Afidaviti, chikalata cha umboni wolumbirira chija, imafunabe munthu akalumbire pamaso pa Commissioner for Oaths, wilo pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011 imafuna mboni zosachepera ziwiri zikhalepo posaina, amfumu chidindo chawo ndi cha inki, ndipo agogo amene adinda chala amafuna pepala loti akalisunge m'sutikesi. Chida chilichonse chogwira ntchito kuno chiyenera kudziwa kutulutsa pepala pa pulinta ndi kulilandiranso litajambulidwa, ndipo chizigwira olo netiweki yathawa kapena magetsi athima, chidzatumize zonse ikabwera.

Zovuta za khomo limeneli nazo si zazing'ono. Mukakhala ndi kasitomala mmodzi wamkulu amakusandutsani antchito ake, lero onjezerani ichi, mawa sinthani icho, mapeto ake mwapanga chinthu chomwe bungwe lina silingagwiritse ntchito. Mabungwe amalipiranso mochedwa, bodi ikhale kaye pansi. Nde pofika pa kasitomala wachitatu muyenera kukhala mutadziwa zomwe onse amafuna mofanana n'kumakana zinazo. Koma chomwe ndinawauza anyamatawa mwamphamvu ndi china. Mukamagwirira ntchito wobwereketsa, dziwani kuti mbali inayo kuli mayi wogulitsa usipa pa Chia amene sawerenga Chingerezi, ndipo chida chanu chingathe kusanduka mpeni wakuthwa wolandira katundu wa anthu mwachangu. Ine ndaona anthu akulira pa kauntala yanga atamva koyamba zomwe anasainira. Mgwirizano uliwonse utuluke ndi Chichewa chomveka, ndipo poti kuno ku nyanja ena amamasuka ndi Chiyao, kumtunda kwa Nkhotakota Chitonga, ikani mawu ojambula oti munthu amvetsere asanadinde chala, kuti chiwongola dzanja ndi chakuti, mukalephera chidzachitike ndi chakuti. Zimenezi zimatetezanso bungwe lomwelo, chifukwa ku khoti funso loti kodi munthuyu anamvetsa zomwe amasaina limabwera ndithu.

Khomo lachisanu ndi loti kampani isanduke loya yokha, kaya polemba maloya ntchito n'kumagulitsa thandizo lonse, kaya poika roboti yoyankha milandu. Ili ndilidutsa msanga chifukwa ndi lomwe lavulaza anthu ambiri. Atrium ya Justin Kan ku America inatolera madola oposa 75 miliyoni kuti iphatikize ofesi ya maloya ndi kampani ya mapulogalamu, inatseka mu 2020. DoNotPay inkadzitcha loya wa roboti woyamba padziko lonse, mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linaigwira kuti inkalonjeza zomwe sinaziyese, ndipo inavomera kulipira madola 193,000. Kwathu kuno lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act limasungira ntchito zina maloya okhala ndi laisensi, ndiye musanalipitse munthu pa uphungu kapena polemba mapepala ena, khalani pansi ndi loya akuuzeni malire. Ine ndemwe pa shopu ndimatayipa zomwe munthu wabwera nazo, nkhani ikafuna uphungu ndimamulozera kwa oyenera.

Oyenerawo alipo ndipo ndi anzanu a ntchito. Legal Aid Bureau imathandiza osauka pansi pa lamulo la 2011, a bungwe la PASI, omwe si maloya koma anaphunzitsidwa zamalamulo, akhala akulowa m'ndende ndi m'mapolisi kuyambira cha m'ma 2000 kuthandiza omangidwa kuti amvetse za belo ndi milandu yawo, ndipo nkhani za malo a makolo pansi pa Customary Land Act ya 2016 zili ndi makomiti ndi mabwalo akeake. Chida chowathandiza awa kulemba ndi kulondoloza milandu ndi ntchito yabwino zedi, koma ndalama yake nthawi zambiri imachokera ku mapulojekiti a opereka thandizo, pulojekiti ikatha sisitimu imazima. Itengeni ngati ntchito yachiwiri, osamangapo kampani yonse.

Nde mukandifunsa kuti bola chiti, kwa kampani ya anyamata awiri opanda ndalama zambiri omwe akufuna kukhala kuno osati ku Area 3 ku Lilongwe, ndimati yambani ndi khomo lachinayi, WhatsApp ndi SMS zikhale njira yolankhulira ndi anthu a bungwelo, ndipo pezani loya mmodzi wokhala ndi laisensi amene adzaunike pepala lililonse lotuluka m'chida chanu. Loya ameneyo akadzaona mafayilo akumufikira osanjidwa bwino, ndi yemwe adzakufunseni yekha kuti kodi simungandipangireko cha mu ofesi yanga, ndipo khomo lachitatu lidzatseguka popanda kugogoda. Ngati muli ku Lilongwe kapena Blantyre ndipo mmodzi wa inu anagwirapo ntchito mu ofesi ya maloya, mutha kuyamba ndi lachitatulo mwachindunji. Ngati cholinga chanu n'kuthandiza osauka ndipo muli ndi wokulipirirani zaka zingapo, WhatsApp payokha ikwanira.

Mwana wa achemwali uja sanasangalale nazo poyamba, akuti amalume ndiye apu yathu tiitaye? Ndinati ayi, isungeni, mwina idzakhala ya ofisala wa ngongole uja. Ndawalumikiza ndi manijala wa SACCO ina yomwe imadzapanga fotokope kwa ine, wavomera kuti ayende ndi ofisala wake masabata awiri m'midzi ya kwa Kalonga ndi Maganga, laputopu aisiye kunyumba, atenge kope ndi bolopeni azilemba paliponse pomwe pepala lachedwa, latayika kapena lalembedwa kawiri. Anyamuka Lolemba, ndipo mnzake uja wabwereka kale chipewa cha njinga yamoto.